Liwu la Bambo ndi Khutu la Azakhali

Bambo anga adali ndi mawu oti akatsokomola m'kalasi ku mishoni, ife kunyumba tinkadziwa kuti chimfine chawagwira. Adali munthu wamfupi, woonda, wa jekete limodzi lotuwa m'zigongono, koma akatsegula pakamwa alendo ankasuzumira kumbuyo kwawo kufuna kuona chimunthu chimene chalankhulacho. Ankaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Nsipe. Ine ndidakhala m'kalasi mwawo chaka chimodzi, ndipo chidali chaka chowawa, poti mwana wa aphunzitsi salakwa pang'ono.

M'Chingerezi chonse, mawu amene ankawakonda adali akuti "declaim". Ife ana tinkati dikilemu, ndipo tikamanong'onezana kuseri kwa kalasi dzina lawo lidali lomwelo. Lachisanu masana ankatitulutsa kubwalo la mpira. Mmodzi ankaima pagolo la kuno ndi ndakatulo yoloweza pamtima, enafe n'kukakhala pansi pagolo la uko. Ukangoyamba kukuwa ankakweza dzanja.

"Uko n'kukuwa, mwana iwe, ndipo kukuwa ngakhale mbuzi imatha," ankatero. "Declaim ndi kulankhula pagulu mwamphamvu, mawu akuchokera pachifuwa, liwu lililonse litaima palokha, kuti munthu wokhala kumbuyo kwenikweni alandireko gawo lake. Akutsogolowa amva kale. Iwe ganizira wakumbuyo."

Ukamaliza ankatembenukira kwa ife a golo la uko n'kufunsa kuti, "Zamveka kumbuyo?" Tikati ayi, mnzathuyo ankayambiranso.

Mawuwa adali ndi mnzake amene bambo ankatiphunzitsa atakwinya mphuno ngati agwira khoswe wakufa kumchira. Mnzakeyo adali "harangue". Ankati uku ndi kukalipira khamu la anthu nthawi yaitali, anthu oti sangakuyankhe. Chifuwa n'chomwecho, mphamvu n'zomwezo, koma woyamba uja amagawira anthu pamene wachiwiriyu amawakwapula. Ine ndi pakamwa pangapa ndidakweza mkono n'kufunsa kuti nanga zimene amachita atcheyamani a chipani pamsonkhano zili mbali iti. Bambo, munthu woti ankamva ngakhale mwana akutafuna chimanga chokazinga kumpando wakumbuyo, tsiku limenelo adagontha. Adati titsegule mabuku. Yankho lake ndidakalilandira kunyumba, ndipo khutu lidandiwawa mpaka mawa lake.

Mawu awo sadali a sukulu yokha. Pakhomo pathu padali chulu chachikulu, ndipo maliro akagwa m'mudzi, bambo ndiwo ankakwera pamenepo m'mamawa kulengeza. Ankatchula amene watisiya, mwana wa yani, mdzukulu wa yani, ndi kumene akagone. Akakhala wamkulu ankawonjezera zithokozo za mfunda wake m'Chingoni, chilankhulo chimene iwo omwe ankachimva mwa apo ndi apo koma ankachitulutsa ngati adabadwa nacho. Mwambo wake udali wodziwika. Ukamva mawu a pachulu, khasu limabwerera kuseri kwa chitseko, ngakhale utafika kale m'munda. Palibe ankalima mnzake ali chigonere.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaopa mawu amenewa, azakhali anga, achemwali awo a bambo. Agogo adamwalira bambo ali khanda, ndiye azakhali, ali kamtsikana, ndiwo adawalera. Khutu lawo lamanzere lidali logontha, ndipo ankauza aliyense wofuna kumva kuti adaligonthetsa ndi bambo.

"Dikilemu wanuyu adayambira pamsana panga," ankandiuza uku akusenda nyemba pakhonde. "Mutu ankagonekera mbali iyi, n'kumalirira m'khutu mwenimwenimo. Lero akuti amaphunzitsa ana kulankhula. Aphunzitsi, bwezani kaye khutu langa."

Bambo ankangoseka, n'kukhala pansi pamphasa ngati mwana, jekete lili m'thupi. Polankhula nawo ankakhala mbali ya kumanja, ndipo azakhali ankapendeketsa mutu kuwatchera khutu labwinolo. Amuna awo adamwalira kale, ana awo sadakule, choncho ife ndife tidali ana awo. Mondokwa woyamba kucha m'munda mwawo ankathera pakhomo pathu. Koma azakhali adalowa mpingo uja wa anthu okana kugula khadi la chipani, ndipo pa nkhani imeneyo sankamva, kaya ulankhulire khutu liti.

Masiku amenewo akuluakulu ochokera ku boma adayamba kukonda kulankhula Chingerezi pamisonkhano, ngakhale kwa anthu oti adakula nawo limodzi akuwotcha mbewa. Pankafunika womasulira, ndipo chimkuzamawu cha chipani chinkafa kawirikawiri. Atcheyamani adabwera kunyumba kudzapempha bambo. Lidali pempho la mtundu uja woti ukakana umafunsidwa kuti kodi uli mbali iti. Koma ndinene zoona, bambo sadavomere ndi mantha okha. Ankasangalala nazo. Adayamba kuvala tayi, ndipo zolankhula zozizira za mabwana aja zinkatuluka m'kamwa mwawo zitapsa bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Azakhali adawaona akupita ku msonkhano wina nsapato zikunyezimira, n'kuwaponyera mawu ali pakhonde: "Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame." Bambo adangogwedeza dzanja.

Tsiku lake lidafika m'nyengo yotentha, mvula isadagwe. Kudabwera bwana wamkulu pagalimoto ya boma. Msonkhano udali pabwalo la mpira lomwe lija. Amayi adavina, ife ana a sukulu tidakhala kutsogolo padzuwa, bambo adaima pansanja pambali pa mlendoyo. Nyumba ya azakhali idali kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kupitirira golo la uko. Iwo kumsonkhano sankabwera.

Bwanayo adayamba ndi za ulimi, kenako adalowa nkhani ya makhadi, mawu akukwera. Chingerezi changa chidali chokwanira kumva zimene adanena. Adati anthu okana khadi ndi adani a dziko, achotsedwe m'midzi, asatunge madzi pachitsime ndi anzawo, ndipo wowabisa aliyense ndi mnzawo. Adaima kudikira womasulira. Bambo adayang'ana nsapato zawo. Kenako adamasulira, koma motsitsa, moti ngakhale ife akutsogolo tidachita kutchera khutu. Bwanayo adatembenuka n'kuwayang'ana, ndipo apa pokha ndi pamene adakumbukira Chichewa.

"Kwezani mawu, aphunzitsi. Akumbuyo amve."

Bambo adakweza. Ndidaona chifuwa chikudzaza monga ankatiphunzitsira, mapewa akubwerera m'mbuyo. Mawu adatuluka onse, liwu lililonse litaima palokha, n'kudutsa pamitu pathu, kudutsa golo la uko, mpaka m'mitengo ya bulugamu. Bwanayo adapitiriza nthawi yaitali ndipo bambo adapita naye limodzi mpaka kumapeto. Ine ndidakhala pamenepo ndikudziwa dzina la Chingerezi la zimene zinkachitikazo, poti adandiphunzitsa okha, ndipo kudziwako sikudandithandize kanthu.

Dzuwa litapendeka bambo adavula tayi n'kupita kwa azakhali. Ndidawatsatira ndipo sadandibweze. Tidawapeza akupeta mapira. Bambo adakhala pamphasa mbali ya kumanja monga mwa masiku onse.

"Achemwali, n'kapepala chabe," adatero. "Ndikakutengerani ine. Simuchita kukagwira n'komwe, kazikhala kwathu."

Azakhali adapitiriza kupeta. Atamaliza adaika lichero pansi.

"Ndamva, aphunzitsi. Ndamva zonse, ndi khutu limodzi lomweli. Mwalankhula bwino."

"Mawu aja sadali anga, achemwali. Ine ndimangobwereza."

"Ine Chingerezi sindimva," adatero azakhali. "Bwana wanuyo sindidamumve. Ndamva mwana amene ndidamubereka kumsana."

Sadakalipe, sadalire. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale ka mtedza, n'kundipatsa ine kuti ndizidya m'njira. Patapita masiku ochepa anyamata a chipani a malaya ofiira adabwera masanasana n'kutentha nyumba zingapo, ya azakhali ili pomwepo. Mwini wake adali atachoka kale m'bandakucha pamodzi ndi anzawo a mpingo, kulowera kumapiri a kumalire, kwa Apwitikizi. Sadatsanzike. Mbuzi zawo ziwiri tidazipeza atazimangirira pamtengo wa pichesi kuseri kwa khitchini yathu.

Anthu amene sadakhaleko nthawi imeneyo amafulumira kuweruza, ndipo ndikawamva ndimapsa mtima. Akuti bwenzi bambo atakana. Akane kuti agone kuti? Tidaona aphunzitsi ena atatengedwa pagalimoto, mabanja awo n'kutsala akuyang'ana kumsewu zaka. Koma ndikakhala ndekha, woweruza woyamba ndimakhala ine ndemwe, ndipo mitima iwiriyi ndakalamba nayo osaigwirizanitsa.

Kumisonkhano bambo adapitirizabe kumasulira, poti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Kwina konse mawu adawathawa. Zotuluka kubwalo Lachisanu zidatha, adati dzuwa likuwononga ana. Maliro akagwa ankauza anthu kuti apeze wina wokwera pachulu, pakhosi pakuwawa. Kunyumba ankalankhula ngati m'nyumba muli wodwala. Amayi ankachita kufunsa kawiri kuti mwati chiyani, ndipo dzina la azakhali silinkatchulidwa.

Pa Nsipe padali bambo wina wachisilamu wa sitolo, kumene tinkagula mchere ndi palafini. Iyeyu ankapita ku Lizulu tsiku la msika kukapikula katundu. Tsiku lina akukulunga mchere m'pepala, maso ali pamcherewo, adauza bambo chapansipansi kuti kutsidya kwa msewu ku Lizulu kuli mayi wina wogontha khutu limodzi amene amagulitsa kachewere wabwino. Bambo adalipira mchere n'kutuluka. Koma msika wotsatira adandidzutsa m'mawa kuti ndiwaperekeze kukagula mbewu, ndipo tidakwera basi.

Amene sadafikeko ku Lizulu adziwe kuti malire a dziko pamenepo ndi msewu womwewo. Uku n'kwathu, uko n'kwa eni, ndipo anthu amaoloka tsiku lonse ndi madengu pamutu osafunsidwa kanthu. Koma mbali yathu padali anyamata a malaya ofiira akuona makhadi, ndipo bambo adali nkhope yodziwika. Awiri mwa anyamatawo adawapatsa moni mwaulemu tisadayende n'komwe. Munthu wa pansanja kuoneka akucheza ndi wothawa khadi, nkhani yake ikadafika ku boma basi yathu isadafike.

Tidaima pa mulu wa kabichi. Kudali mphepo yozizira ya kumtunda kuja. Azakhali ndidawaona ine poyamba. Adakhala pansi kutsidya, atafunda chitenje chimene ndinkachidziwa, timilu ta kachewere tili patsogolo. Adali ataonda, khosi litatalika. Nawonso adationa. Sadaimirire, sadakweze dzanja, poti ankadziwa zimene zikadatigwera. Adangotembenuza mutu pang'onopang'ono ngati akuyang'ana mapiri, mpaka khutu lamanja lidaloza kwa ife. Adakhala choncho, mutu uli chipendekere.

"Aitaneni, bambo," ndidatero.

Bambo adakonza pakhosi. Ndidaona chifuwa chikudzaza. Panalibe chifukwa choolokera, sipankafunika ndakatulo. Liwu limodzi lokha, mfunda wathu umene ankawathokoza nawo akalandira chakudya, likadakwana, ndipo pamsika waphokoso chotero palibe akadadziwa kuti akuitana yani. Mpweya uja udatuluka wopanda kanthu. Padadutsa lole, fumbi lidakwera n'kutsika, azakhali ali chikhalire momwemo.

Ine ndidalephera kupirira. Ndidakuwa kuti "Azakhali!" koma mawu anga adathera mwa ogulitsa tomato, ndipo bambo adandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zala zawo zidatsala pakhungu. Adatembenukira kwa mwini kabichi n'kugula mitu iwiri, pamene kudimba kwathu kabichi adali akuola. Tidaima pamenepo mpaka basi yobwerera idafika. Nditakhala pawindo ndidayang'ananso. Munthu wina adali ataima pa kachewere wawo akufunsa mtengo, koma iwo sankamumva, chifukwa adamulozetsa khutu logontha.

M'basi monse sindidawalankhule bambo. Ndidawada tsiku limenelo, ndipo ndikunena mosabisa. Iwo adafungatira kabichi wawo pamiyendo, maso ali kutsogolo.

Mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo, bambo a sitolo aja adafika pakhomo pathu panjinga, chinthu chimene sadachitepo. Adakana mpando, adakhala pansi pakhonde n'kuvula nsapato. Amayi atangoona zimenezo adagwira pakamwa. Adatiuza kuti azakhali adadwala chifuwa, ndipo anzawo a mpingo adawaika kale kutsidya komweko sabata yapitayo. Bambo a sitolowo adamva mochedwa.

Bambo adafunsa ngati azakhali adasiyako mawu.

"Mawu enieni ayi, aphunzitsi," adatero bambo a sitolo. "Koma nthawi zonse ndikagula kachewere ankandifunsa funso limodzi. Ankati, kodi aphunzitsi adachira chimfine chija? Poti tsiku lija mawu adawathera, ndidawamvera chisoni."

Amayi adayamba kulira. Bambo adathokoza mlendoyo n'kumuperekeza mpaka panjira. Madzulo amayi adawadandaulira kuti tilire m'nyumba mwakachetechete, chifukwa munthu wothawa khadi analibe maliro m'mudzi, ndipo ana akadali aang'ono. Bambo adangoti amva.

M'mawa kusadatenthe ndidamva chitseko. Nditatuluka ndidawapeza ali pamwamba pa chulu, jekete lili m'thupi, opanda nsapato. Anthu adali atayamba kudutsa panjira ndi makasu paphewa. Bambo adaponya mapewa m'mbuyo.

Chibadwire sindidawamvepo akulankhula chotero, ngakhale pansanja. Adalengeza kuti mudzi wagwa maliro. Adatchula azakhali ndi dzina lawo lonse, mwana wa yani, mdzukulu wa yani, wobadwira pano, wolima pano. Adati ndi mayi amene adalera mwana wamasiye pamsana mpaka khutu kugontha. Adati wagona kutchire kwa eni ngati alibe abale, pamene mlongo wake ali moyo. Kenako adalowa zithokozo za mfunda wathu m'Chingoni, zonse, osadumpha ngakhale chimodzi, misozi ikutsika koma mawu osagwedera. Agalu adayamba kuuwa kutsidya kwa dambo. Pambuyo pake tidamva kuti asisitere ku mishoni adatuluka panja kudzamvetsera.

Anthu a panjira adaima. Onsewa ankawadziwa azakhali, ena adadyapo mondokwa wawo, ena azakhaliwo adawathandiza pobereka. Ndidaona mayi wina atatsitsa khasu paphewa, n'kuyang'ana kunyumba ya atcheyamani, n'kulikwezanso. Mmodzimmodzi adaweramitsa mitu n'kupitiriza ulendo wa kumunda. Palibe khasu lidabwerera kuseri kwa chitseko.

Amayi adayala mphasa zonse za m'nyumba pabwalo, ndipo adabwerekanso benchi la kusukulu loti akhalepo amuna. Tidakhala pamenepo ife a pakhomo tokha, bambo ali okha pabenchi lalitali. Masana tinkamva makasu akulira m'minda yapafupi. Sikudabwere munthu ngakhale mmodzi kudzapepesa. Atcheyamani adadutsa panjinga osatsika, ndipo mwezi usadathe bambo adachotsedwa ntchito. Sadaimenso kutsogolo kwa kalasi mpaka imfa yawo.

Ine ndidadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi ngati iwo. Mabuku otanthauzira mawu amati declaim ndi zochita anthu a zisudzo ndi andale, ndipo amapereka zitsanzo zosekesa. Ndikafika pamawu amenewo ndimaphunzitsa msangamsanga n'kupita kwina, ndipo ana a m'kalasi mwanga sindidawatulutsepo kubwalo la mpira.

Tsiku la maliro opanda anthu lija, dzuwa likulowa, amayi adapita kukasonkha moto. Ndidatsala ndi bambo. Kuyambira ku Lizulu ndinkangowayankha zofunika zokha, koma apa ndidanyamuka pamphasa n'kukakhala pambali pawo pabenchi. Mawu adali atasasa. Adandifunsa osandiyang'ana, funso lija la kubwalo la mpira.

"Zamveka kumbuyo?"

Ndidayang'ana kumapiri a kumalire kumene dzuwa linkalowera, ndipo ndidati zamveka, bambo, zafika.

Adapukusa mutu.

"Usandinamize, mwana wanga," adatero. "Pa Lizulu padali msewu wokha."

Adadzuka n'kuyamba kupinda mphasa.